Tsiku Limene a Danieli Analanda Nambala Seveni

Masiku amenewo foni inali ndi ulemu wake. Sinkagona m'thumba pamodzi ndi machesi monga ichitira lero. Inkakhala pa tebulo, yakuda bii, yolemera ngati mwala wa mphero, ndipo ikalira munthu ankayamba wakonza kolala kenako n'kuyankha.

Pa esiteti ya tiyi ya Nakhonyo, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, m'chaka cha 1978 panali mafoni khumi ndi awiri, ndipo anthu ankawadziwa ngati ana a nyumba imodzi. Wani inali ya bwana manijala. Thuu inali ya mkulu wa makalaliki, a Danieli Muhariwa. Seveni inali ya ku dispensale. Leveni inali ku nyumba ya mpope, kutali uko cha ku Likhubula, ndipo inkalira kawiri pa chaka. Ukafuna kuimba, unkapukusa kachitsulo ka m'mbali mwa foni. Ku ekisichenji, kachipinda ka kuseri kwa ofesi, kachitseko ka nambala yako kankagwa pa bolodi, ndiye Sabina, mtsikana wa pa bolodipo, ankakufunsa kuti, "Nambala?" Ukatchula, iye ankatenga chingwe n'kulowetsa pa bowo la nambalayo. Basi, mwalumikizana.

Wosamalira zonsezi anali Lyson wa ku Nsanje, amene anaphunzira za mawaya ku Blantyre kwa miyezi isanu ndi umodzi n'kubwerako ndi zinthu ziwiri: sikuludiraiva yoyaka nyali, ndi chizolowezi chowongola anthu pakamwa. Ukati, "Foni yafa," iye ankati, "Foni ili moyo, yafa ndi layini." Anthu anamupatsa dzina loti Injiniya pofuna kumuseka. Iye analilandira ndi manja awiri.

Tsiku lililonse pa thwelofu koloko, Injiniya ankayesa layini ya Seveni. M'chigawo chonse cha kumwera munalibe layini yoyesedwa pafupipafupi ngati imeneyo, ndipo chifukwa chake chinkavala yunifolomu yoyera: Estele, wothandiza ku dispensale, mwana wa malemu mlongo wawo wa a Danieli. Popeza a dokotala ankakhala kuseri kwa katani, ndipo odwala a pa benchi anali ndi makutu athanzi, Estele ankanyamula foni osalankhula. Lyson ankalankhula yekha, zomwe sizinkamuvuta konse. Akamaliza, Estele ankagogoda foni kamodzi ndi pensulo. Chikondi chawo cha miyezi isanu ndi itatu chinayenda chomwecho: mawu ambirimbiri uku, pensulo uko.

* * *

A Danieli sankadana ndi Lyson. Ankangomufunira zabwino kwina.

"Wa ku Nsanje," anauza Estele Lamlungu lina atabwerako ku tchalitchi, ali pakhonde, nsapato atavula koma tayi akadali nayo. "Kwawoko amalowola. Akalowola, mkazi ndi ana omwe ndi awo. Kuno kwathu mwamuna ndiye amabwera. Amamanga pamalo pa mkazi, amalima munda wa apongozi, ana amakhala athu. Mayi ako anandisiyira iwe ndi munda wa chinanazi uja. Ndikutumize ku Nsanje, mundawo alime ndani? Anyani?"

"Sananene kuti anditenga, amalume."

"Sananenenso kuti akhala. Ndamva kuti kampani ina ya mawaya yamuitana ku Blantyre. Wakuuza?"

Estele anayang'ana pansi. Lyson anali atamuuza ndithu, pa foni, ndipo tsiku limenelo pensulo sinagogode.

"Thomson ndi wathu," anapitiriza a Danieli. Thomson anali dalaivala wa lole ya esiteti, wa mudzi wa patsidya pa mtsinje. "Tsitsi amameta bwino, khadi la chipani ali nalo la chaka chino, nyemba zathu za kalongonda amadya osafunsa kuti n'chiyani. Amalume ake abwera kawiri kudzafunsira. Munthu wamkulu sabwezedwa katatu. Lachisanu madzulo akubweranso, ndipo ndiwayankha."

"Lachisanu lomwe lino?"

"Kodi pa sabata a Lachisanu amakhalapo angati?"

Estele ananyamuka kuti alowe m'nyumba.

"Komanso za foni yako ya thwelofu koloko ndazimva," anatero a Danieli. "Imeneyo ndithana nayo ndekha. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndili mu ofesi. Za mafoni palibe angandiphunzitse."

* * *

Lachitatu, nthawi ya nkhomaliro, ku dispensale kulibe munthu, a Danieli analowa ndi mpeni wawo wosendera nzimbe. Thomson ankatsatira pambuyo atanyamula foni ya mu ofesi mwawo ngati mwana wokabatizidwa. A Danieli anagwada, chinthu chimene sankachita ngakhale ku tchalitchi, namasula mawaya awiri pakhoma. Foni ya ku dispensale, ija ya pulasitala pa chogwirira ndi kapepala kolembedwa 7, anaichotsa. Pamalo pake anamangapo yawo, ya kapepala kolembedwa 2. Ya pulasitalayo anakaimanga mu ofesi mwawo, naipukuta ndi mpango.

"Tsopano Seveni ili pa tebulo langa," anatero. "Wofuna Seveni apeza ine."

"Nzeru zimenezo, bwana," anatero Thomson, amene akanayankha chimodzimodzi ngakhale akanamuuza kuti akakame nkhuku.

Posakhalitsa foni ya pulasitala inalira. A Danieli anainyamula mwakachetechete, maso ali pa Thomson. Anali kapitawo wa ku fakitale, akufunsa za mndandanda wa antchito.

"Mwapempha nambala yanji?" anafunsa a Danieli.

"Thuu, bwana. Monga mwa masiku onse."

A Danieli anabweza foni naganiza pang'ono.

"Sinazolowere malo," anatero. "Ukalowa nyumba yatsopano, alendo a mwini wakale amabwerabe sabata yoyamba. Tiipatse masiku awiri."

"Nzeru zimenezo, bwana."

* * *

Madzulo a tsiku lomwelo, Estele ndi Lyson anakumana mwangozi pa msika wa Chitakale, monga ankakumanira mwangozi Lachitatu lililonse. Pa geti panali ayufi oona makadi a chipani, ndiye munthu ankalowa mwaulemu. Awiriwo anaima pa benchi la mayi wina wogulitsa tomato, aliyense akuyang'ana mulu wake.

"Musaimbenso," ananong'ona Estele. "Amalume atenga Seveni."

"Atenga chiyani?"

"Foni ija. Aiika mu ofesi mwawo. Ife atisiyira Thuu."

Lyson anaseka mpaka wayufi mmodzi anacheuka. Kenako anatsokomola, natola tomato mmodzi.

"Taonani kuno, Estele. Anthu amasokoneza zinthu zitatu, n'kumazitchula zonse kuti foni. Tomato uyu ndi foni. Ndi chipangizo chabe. Chilibe dzina, chilibe kwawo. Mungachimange pakhoma lililonse, chilira." Anatola kaudzu pansi. "Udzu uwu ndi layini, waya wochoka pakhoma la dispensale mpaka ku ekisichenji. Kumeneko wayayo amathera pa bowo la pa bolodi. Bowolo ndilo khomo. Ndiye nambala ndi dzina la khomolo, osati la foni. Amalume anu anyamula mpando, akuganiza kuti anyamula nyumba."

"Koma pa foni paja palembedwa seveni."

"Ndinalemba ndine. Ndi bolopeni."

"Achimwene," anatero mayi wa tomato, "ameneyo mugula, kapena mukufuna akhoze mayeso?"

Lyson anagula mulu wonse chifukwa cha manyazi. Anayenda pang'ono mpaka pa ogulitsa nthochi. Chiperoni, nkhungu yobwera ndi kamvula kozizira, chinali chitayamba kutsika m'phiri, ndipo fungo la tiyi wowotchedwa ku fakitale linkafika mpaka mumsika, fungo limene anthu a kumeneko amalizindikira pokhapokha akasamuka.

"Ndiye chinthu chikachotsedwa, dzina limatsala pakhomo?" anafunsa Estele.

"Eya! Mwamva msanga kuposa anthu ena a mu ofesi."

"Ndi zomwe amalume akunena za ine."

Kenako Estele anatembenukira kwa iye.

"Za ku Blantyre mwaganiza bwanji, a Lyson?"

"Ndi mwayi, Estele. Kumeneko kuli makina olumikiza okha, opanda munthu pa bolodi. Mukanaona mmene..."

"Ine sindine foni yoti mumasule ndi mpeni n'kukaika pa tebulo lina. Manda a amayi ali kuno. Munda uli kuno." Anatola nthochi, naibweza. "Lachisanu madzulo akubwera a kwawo kwa Thomson. Lachisanu pa thwelofu muimbe. Mukati mukhala, ndikana, ngakhale amalume andithamangitse pakhomo. Foni ikapanda kulira, ndidziwa kuti mwasankha makina olumikiza okhawo. Ndipo musadzavutike kubwera ndi tomato."

"Lachisanu ndili ku mpope, ku Likhubula."

"Ku mpope kulibe foni?"

"Iliko. Leveni."

"Nanga?"

Estele anatenga tomato m'manja mwa Lyson, poti mwini wakeyo analibe naye chochita, nanyamuka.

* * *

Lachinayi pa thwelofu Lyson anayesa Seveni, ndipo inalira ku dispensale monga mwa kale, pa foni ya kapepala kolembedwa 2. Pensulo inagogoda. A Danieli anadya nkhomaliro mu ofesi tsiku limenelo, maso ali pa foni ya pulasitala, koma inangowayang'ananso.

Munthu akapambana amafuna womuombera m'manja. Masana omwewo Lyson analowa ku ekisichenji akuimba mluzu.

Sabina anali atakhala pa mpando wake wautali, zomvera zili kukhutu, zoluka zili pamiyendo. Chaka chatha, nthawi ya chiperoni, anamulukira Lyson juzi yobiriwira. Lyson anathokoza kwambiri, nayamikira ulusi, n'kuvala juziyo pokakumana ndi Estele. Lamulo linkaletsa wa pa bolodi kumvetsera zokamba anthu, koma kabatani komvetsera kanali pansi pa chala chake chachikulu, ndipo lamulolo linali mu kabati ya bwana manijala. Miyezi isanu ndi itatu ya mawu a Lyson, Sabina anaimva yonse. Mwina anaimvetsera bwino kuposa mwini wake.

"A Injiniya," anatero osatembenuka. "Lero mwasamba ndi sopo wachimwemwe."

Lyson anamufotokozera za a Danieli ndi mpeni wa nzimbe. Kenako, poti panalibe tomato, anafotokoza ndi bolodi lenilenilo: chipangizo, layini, khomo. Sabina anali atagwira ntchito pa bolodilo zaka zinayi, koma anamvetsera ngati akuliona koyamba.

"Ndiye foni siidziwa nambala yake?" anafunsa.

"Siidziwa kanthu. Ndi chitsulo."

"Nanga woimbayo amadziwa bwanji kumene wafika?"

"Sadziwa. Amakhulupirira bowo. Bowo silinama, achemwali."

"Oho," anatero Sabina, akuwerenga maso a zoluka zake. "Ndiye mawa ndi tsiku lalikulu, eti?"

"Mwamva kwa yani?"

"Pa Chitakale nthochi zili ndi makutu. Mupita ku Blantyre?"

Lyson anakanda kumutu ndi sikuludiraiva. "Ndikhala," anatero, ndipo anaoneka wodabwa ndi mawu akewo. "Ndikhala, Sabina. Ndinu woyamba kumva."

"Ine ndimakhala woyamba kumva nthawi zonse," anatero Sabina. Kachitseko kena kanagwa pa bolodi, ndipo anatembenukira komweko. "Nambala?"

* * *

Lachisanu m'mawa Lyson analemba kalata yokana ntchito ya ku Blantyre. Anailemba katatu kuti mawu okana amveke ngati a munthu wofunidwa m'malo ambiri. Anaiponya m'thumba la makalata, naimirira mpaka galimoto yopita ku boma itanyamuka nalo. Kenako anakwera njinga, juzi yobiriwira ili m'thupi, nalowera ku Likhubula m'kamvula kosalekeza kaja.

Pa thwelofu koloko anapukuta manja, napukusa kachitsulo ka Leveni.

"Nambala?"

"Seveni, achemwali. Kuyesa layini."

"Seveni," anabwereza Sabina.

Mabowo a pa bolodi anali asanu pa mzere. Choncho bowo la Thuu linali pamwamba penipeni pa bowo la Seveni, kutalikirana kwake ngati chala chimodzi. Sabina anatenga chingwe, nachigwira m'mwamba kanthawi. Zaka zinayi anali asanaphonyepo bowo, ndipo tsiku limeneli sanaphonyenso. Analowetsa pamene ankafuna.

Mu ofesi ya mkulu wa makalaliki, foni ya pulasitala inalira. A Danieli anayang'ana wotchi. Anainyamula pang'onopang'ono ngati akuonjola mbewa pa msampha, osatulutsa mawu.

Lyson anamva foni ikunyamulidwa, kenako chete uja anamuzolowera. Mtima unakhala m'malo.

"Estele, ndine. Musayankhe, ndikudziwa kuti a dokotala ali pompo. Kalata ndatumiza. Ku Blantyre sindipita. Ndikhala kuno. Ndimanga pamalo panu, pafupi ndi mtengo wa mapeyala uja. Chinanazi sindinalimepo, koma munthu wodziwa mawaya sangalephere chinanazi. Ana adzakhala a kwanu, bola mmodzi adzadziwe kugwira pulayala. Abale anga ku Nsanje adzanena kuti ndagulidwa. Anene. Miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikulankhula ndi pensulo, ndipo sindinamvepo yankho lokoma kuposa limenelo."

Akanalekera pomwepo, nkhani ino ikanakhala yaifupi. Koma Lyson sankadziwa kutseka pakamwa pamene mawu akuyenda bwino.

"Ndipo za amalume anu musade nkhawa. Panopa ali phee mu ofesi, akulondera foni ija ngati nkhuku yofungatira mwala. Zaka makumi awiri ndi zitatu mu ofesi, koma osadziwa kuti nambala siyenda ndi foni! Tikakwatirana ndidzawaphunzitsa pang'onopang'ono, tsiku lililonse mawu amodzi. Basi, ndamaliza. Gogodani."

Pensulo sinagogode. M'malo mwake kunamveka kutsokomola kwa munthu wa tayi.

"Mwamaliza, a Injiniya?"

Lyson anawazindikira mawuwo nthawi yomweyo.

"Nkhuku ija yaswa," anatero a Danieli. "Ndinati tiipatse masiku awiri. Lachitatu, Lachinayi, lero yazolowera. Mwapempha Seveni, mwapeza Seveni, pa tebulo langa. Uthenga wanu wafika kwa mwini mbumba. Zoti upitirire kapena ayi, ndiona ine."

Foni inatsekedwa. Lyson anapukusa kachitsulo, napukusanso, mpaka mkono unawawa. Palibe anayankha. Ekisichenji inkatseka hafu pasiti thwelofu kuti wa pa bolodi akadye, ndipo tsiku limenelo Sabina anamva njala msanga.

* * *

Ku dispensale, Estele anakhala pafupi ndi foni kuyambira thwelofu isanakwane, pensulo ili m'manja. Anapinda mabandeji amene anali opinda kale. Anawerenga mapilitsi a malungo m'botolo, kenako anawawerenganso. Kawiri ananyamula foni kuti amve ngati ili moyo, n'kuibweza msanga poopa kuti mwina ndi nthawi yomweyo imene akuimba.

Wani koloko itakwana, anaika pensulo m'kabati. Anayenda mpaka ku ofesi, nagogoda.

"Amalume, madzulo ano muwayankhe kuti ndavomera."

A Danieli anayang'ana mwana wa mlongo wawo, nayang'ana foni ya pulasitala imene inali isanazizire. Pakamwa panawayabwa. Koma anangoti, "Wachita bwino," nayamba kusanja mapepala osanjidwa kale.

* * *

Kuchokera ku mpope kufika ku Nakhonyo pa njinga ndi ola limodzi kukakhala dzuwa. Tsiku limenelo kunali matope, tcheni chinaduka pa mlatho, ndipo Lyson anayenda pansi theka la njira. Anali ndi nthawi yokwanira yoganiza. Chipangizo, layini, khomo: zinthu zitatu zimene anaphunzitsa Mulanje yense. Atafika pa mtunda wa mabulugamu anakumbukira chachinayi, chimene sichinali m'buku la ku Blantyre: dzanja logwira chingwe. Anayang'ana juzi yobiriwira imene anavala, ndipo inayamba kumuyabwa.

Anafika kwa a Danieli cha m'ma folo koloko. Lole ya Thomson inali itaima panja. Pakhonde panali mphasa, ndipo pa mphasapo panali amuna atatu achikulire a majekete, zipewa zili pa mawondo, ndi Thomson atakhala kumbuyo kwawo, tsitsi lonyezimira mafuta. Estele anatulukira kuseri kwa nyumba ndi beseni la madzi osamba m'manja. Ataona Lyson pa mpanda, matope mpaka m'mawondo, anaima.

"Ndinaimba," anatero Lyson.

"Foni sinalire."

"Ndinaimba Seveni, Estele! Pa thwelofu penipeni!"

"Munandiuza nokha kuti Seveni ndi dzina la khomo, ndipo siingasochere. Dzulo inalira. Ndiye kaya munanama Lachitatu, kaya mukunama lero. Sankhani."

Munthu sanagwidwepo ndi msampha wotchera yekha mwaluso chotere. Lyson anatsegula pakamwa kuti atchule Sabina, koma anaona pamene zikathere: mtsikanayo achotsedwa ntchito, akana, ndipo umboni palibe. Mboni yake inali imodzi yokha m'dziko lonse, ndipo inali ikutuluka m'nyumba ikukonza tayi.

"Estele, alendo akudikira madzi," anatero a Danieli. Kenako anaona Lyson. "Ogo! A Injiniya. Mwayenda ndi layini yanji?"

Estele anatembenuka pang'onopang'ono. "Amalume, masanawa foni inalira kwanu?"

A Danieli anali pa mphambano yoopsa. Akati sinalire, Thomson atenga mkazi, munda upeza mlimi, zonse zikhala m'malo. Koma akati sinalire, ndiye kuti dziko silidzadziwa kuti iwo, Danieli Muhariwa, ndi mpeni wa nzimbe, anagonjetsa munthu wophunzira ku Blantyre. Anali atasunga nkhaniyo m'mimba kwa maola anayi, ndipo inkawapweteka ngati kalongonda wosapsa. Apa panali alendo atatu a majekete, anthu oti akaifalitsa mpaka patsidya pa mtsinje.

"Ndiyankha," anatero. "Koma ayambe a Injiniya. Anene pano, anthu akumva. Kodi nambala imayenda ndi foni, kapena siyenda?"

Lyson anayang'ana kumwamba. Phiri linali litabisala m'mitambo, losafuna kuchitira umboni. Anaganiza za aphunzitsi ake a ku Blantyre, za buku la chikuto chofiira, za anthu onse amene anawawongola pakamwa kuyambira tsiku limene anafika. Kenako anayang'ana Estele, beseni lidakali m'manja mwake.

"Imayenda," anatero motsitsa.

"Alendo akumbuyo sanamve."

"Nambala imayenda ndi foni, bwana. Imangofuna masiku awiri kuti izolowere."

A Danieli anatseka maso ngati munthu amene wamwa tiyi wa shuga wokwanira.

"Inalira," analengeza, akutembenukira ku mphasa. "Seveni inalira pa tebulo langa, thwelofu koloko, monga ndinanenera. Thomson ndi mboni kuti ndinanena."

"Nzeru zimenezo, bwa..." anayamba Thomson, koma anaima pakati, atazindikira mochedwa chimene akuchitira umboni.

Estele anaika beseni pansi. "Ndiye anati chiyani?"

"Zambiri. Munthuyu salekeza." A Danieli anakanda chibwano. Anali onyada, koma sanali abodza. "Akuti Blantyre wakana, kalata yapita. Akuti amanga pafupi ndi mapeyala. Akuti alima chinanazi ndi pulayala. Zina zinali za nkhuku, tidzakamba patokha."

Estele anayang'ana uku ndi uku ngati wataya kanthu. Kenako anatambasula dzanja, nagogoda beseni kamodzi ndi chikhadabo. Pakhonde ponse ndi Lyson yekha amene anamva tanthauzo lake.

Pamenepo wamkulu wa alendo aja, amalume ake a Thomson, anavala chipewa chake, n'kuchivulanso.

"A Muhariwa," anatero mofatsa, "za mafoni ife sitizidziwa, ndipo tayamikira phunziro. Koma tisanakhale pa mphasa pano munatiuza kuti mbeta yavomera. Mwiniwake anabwera, anagwada apa, tinamufunsa, anati eya. Tinaomba m'manja. Uthenga tatumiza kale kumudzi, ndipo pofika pano amayi ake a mnyamatayu ayamba kululuta. Tsopano tikawauze kuti chiyani? Kuti mawu a kwa Muhariwa nawonso amafuna masiku awiri kuti azolowere?"

Chimwemwe chinatsika pa nkhope ya a Danieli ngati madzi a pa denga. Thomson anaimirira, ndipo aka kanali koyamba kuti anthu aone kutalika kwake konse.

"Ine sindibweza," anatero Thomson. Sanawonjezere kuti bwana.

A Danieli anayang'ana alendo, anayang'ana Estele, kenako anatembenukira kwa munthu wamatope amene anali pa mpanda, wopanda Blantyre, wopanda mkazi, wopandanso chiphunzitso chake.

"Mwamva nokha," anatero. "Bowo ndi limodzi, zingwe zalowa ziwiri. Inu ndinu a Injiniya. Konzani."